Sigele ndi Dzimwe Woba Khungu

Kalekale, chaka chimene zitsime zinauma, Sigele anaphwanya mwambo. Anachapa kamalaya ka mlongo wake Tsalani padziwe loletsedwa, dziwe la Dzimwe wa mitu isanu. Nanga akanachapa kuti? Makolo analibe, womutungira madzi analibenso.

M'mawa mwake mwana uja anadzuka zidzolo zili waa, kuyambira kumaso mpaka kumapazi. Dzimwe anali ataba khungu lake losalala n'kumusiyira lake loyabwa.

Anthu anayamba kulambalala nyumba yawo. Sigele ankamusambitsa yekha, kumupepesa yekha, kulira yekha. Kusungulumwa kumapweteka, abale! Tsalani ankadzikanda mpaka magazi, phala osalifuna. Ataona kuti mwana akupita, Sigele anamugoneka pamthunzi n'kuyamba ulendo wokafuna Dzimwe.

Panjira anakumana ndi Nanzikambe.

"Chilape!" anatero Nanzikambe.

"Nachize," anayankha Sigele.

"Ukachidyetsa, njala yake imakula."

"Kuyabwa kumeneko, agogo. Ukakanda kumangoonjeza."

"Iwe wadwazikadi. Gwira mchira wangawu."

Atangougwira, Sigele anasanduka nkhalamba yamsing'anga, thumba lili paphewa.

Anamupeza Dzimwe pakhomo la phanga, nsupa ya khungu lobedwa ili m'khosi. Khungu la kamwana likanakwanira chimphona? Ayi ndithu. Mitu yonse inali yoyabwabe, ikukanganirana manja awiri okha.

"Ndichize, nkhalamba iwe," inabangula mitu ija, "apo ayi ndikudya!"

"Pepani, mfumu. Kwathu wodwala zidzolo timayamba tamuwenga zikhadabo, kenako timamukulunga manja."

Chitsiru chija chinatambasula manja. Sigele anawenga, anakulunga ndi nsanza, anamanga ndi luzi kuti ndi! Kenako anadula chingwe cha nsupa ija, kuitenga n'kuima patali.

Kuyabwa kunabwera, chokandira panalibe. Mutu woyamba unadzikhuza pa wachiwiri, wachiwiri unaluma wachitatu, ina ikudzimenyetsa pathanthwe. Phuu! Dzimwe anagwa, osadzukanso.

Sigele anabwerera ali mtsikana ngati kale. Nthungululu zinamveka, aja ankamulambalala aja akuvina. Iye sanaime. Anapeza Tsalani akupumira m'mwamba, n'kumutsanulira nsupa ija thupi lonse. Zidzolo zinayoyoka ngati gaga.

Miyezi itatu mwanayu sankaberekeka, nsalu ikamukhudza ankakuwa. Tsopano anakweza timanja take.

"Achemwali, ndiberekeni."

Sigele anawerama, misozi ili mbwee, n'kumuika kumsana.