Khoma Lopakidwa Laimu

Panali munthu wina amene anali ndi mdadada wa nyumba za lendi kuseri kwa nyumba yake. Sizinali zambiri, koma ankazisamala. Mpopi ukayamba kudontha ankaukonza yekha. Chimbudzi chikadzaza, wosowa tulo ankakhala iyeyo, osati okhalamo. Ankakonda kunena kuti nyumba ya lendi imakalamba msanga chifukwa aliyense amagonamo ngati wapaulendo.

M'mawa wina analowa m'nyumba yakumapeto kukaona pamene malata ankadontha. M'menemo munkakhala mayi wina ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Zione, amene anali asanayambe sukulu. Anampeza mwanayo atakhala pansi, khala lili m'manja. Khoma lonse cham'munsimu linali litadzaza nkhuku, maminibasi ndi anthu a mitu ikuluikulu.

"Iwe Zione, khoma langali ndi bolodi la kusukulu?"

"Awa ndinu, agogo," anatero mwanayo akuloza. "Mwanyamula makwerero."

Munthu uja sanaseke. Anaitana mayi wa mwanayo n'kumuuza kuti khoma silisewereredwa. Mayiyo anapepesa, nati apukuta. Koma sanapukute.

Sabata yomweyo Zione anatentha thupi. Mayi wake anapita naye kuchipatala, ndipo mwanayo sanabwereko wamoyo.

Mwini nyumba uja anachita zonse zoyenera munthu. Anatulutsa mipando yake, anapereka nkhuni, anathamangira galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi. Galimoto itachoka, pabwalo panangoti zii. Mayi uja anatsalira kumudziko kufikira atameta.

Masiku amenewo munthu uja ankati akadutsa pakhomo lotsekalo, mtima sunkamukhala pansi. Mawu achipepeso sankawatha. Chimene ankachitha ndi ntchito ya manja. Anaganiza kuti mayi wofedwa asadzafikire m'nyumba yodontha ndi yakuda. Choncho anatenga kiyi wake wapadera, nalowa. Anamata malata ndi phula. Anasungunula laimu m'ndowa, napaka makoma onse. Laimuyo atauma, makala aja ankaonekerabe pang'ono, ndipo anapakanso kachiwiri. Anatsekula mawindo kuti mupite mphepo. Sanafune kuti mayiyo adzalipire kanthu.

Mayi uja anabwera ndi kachikwama kamodzi. Zovala za mwana zinali zitatsala kumudzi: zina m'manda, zina abale atagawira ana awo. Njira yonse ankaganiza za chinthu chimodzi chimene palibe amene akanachigawa, khoma lija.

Mwini nyumba anamulandira pakhomo, namuuza kuti wakonzamo pang'ono kuti apepukidwe mtima. Mayiyo analowa. Anaima pakati pa nyumba nthawi yaitali, chikwama chili m'manja.

"Zikomo, bambo," anatero. "Mwavutika."

Kenaka anatenga kansalu, nakanyowetsa, nagwada pakona pamene mwana ankakonda kukhala. Anapukuta pang'onopang'ono. Laimu anachoka, koma makala anachokera naye limodzi. Madzi otuwa anatsetsereka mpaka pansi. Anayesanso pena, zinali chimodzimodzi. Ndipo analeka.

Munthu uja anali chiimire pakhomo. Apo m'pamene anazindikira chimene anachita, ndipo panalibe chida m'nyumba mwake chokonzera zimenezo.

Abale anga, inu amene mumathamangira kwa ofedwa, munthuyu sanali woipa. Anachita mwachikondi, ndi manja ake, ndi zake zomwe. Cholakwa chake chinali chimodzi: anali ndi kiyi, ndiye sanaone chifukwa chofunsira. Nyumba inali yake, koma zimene zinali pakhomapo sizinali zake. Mukalowa m'nyumba ya wolira mudzaona zambiri zofunika kuchotsa: kapu yosatsuka, nsapato pakhomo, mphasa yosapinda. Manja adzakuyabwani. Apindeni kaye. Khalani pansi, mufunse, ndipo ngati sakuyankhani, zisiyeni momwemo.

Mayi uja sanasamuke. Anakhalamo zaka zambiri, ndipo pakhoma limenelo sanapachikepo ngakhale kalendala.