Wogula wa Pansi pa Bedi

"Mwana ameneyu ali nane ngongole," anatero Satsitsa, akupukuta thebulo ngati lamulakwira. "Chilowereni m'nyumba muno sananenepo kuti 'Amayi'. Ndinamubereka ine, ndinamuyamwitsa ine, lero andimane ndi mawu omwe?"

Mwamuna wake anali telala, munthu wa mawu ochepa, wozolowera kuyankhula mapini ali kukamwa.

"Musiyeni kaye, mayi ake. Nyumbayi ndi yachilendo."

"Yachilendo kwa iye yekha? Ine ndinabadwira muno?"

Satsitsa linali dzina la kumsika. Mayiyu ankagulitsa makapu, mbale ndi mabeseni, ndipo aliyense woyesa kumunenerera mtengo ankachoka kukhosi kutauma. Sukulu anaisiyira panjira, koma pa malonda panalibe womupusitsa. Chimodzi chokha ndi chimene Mulungu anamumana: kudikira. Madzi akachedwa kuwira ankawakalipira.

Mwana wawo anali mmodzi, mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankamutcha Abwana, chifukwa m'nyumbamo zonse zinkayendera dongosolo lake. Kapu yake inali imodzi, pokhala pake pamodzi, njira ya kusukulu imodzi. Phokoso likakula ankatseka makutu, ndipo sankafuna kugwidwa modzidzimutsa. Akuchipatala anati ndi otizimu. Anafotokoza kuti mwanayo si wopusa, si wamwano, koma dziko limamufika mokuwa kuposa mmene limafikira anzake. Satsitsa anagwedeza mutu, dzinalo n'kuliiwala asanatuluke pageti.

Nyumba yakale inali ya chipinda chimodzi, ndipo katundu wa malonda ankagona naye momwemo. M'mawa uliwonse, asanapite kumsika, Satsitsa ankakhala pansi n'kumapukuta makapu ndi mbale, Abwana n'kumazisanja, yaing'ono m'kati mwa yaikulu, mtundu ndi mtundu unzake. Akamaliza ankati, "Amayi, zatha," ndiyeno n'kumwa tiyi ndi buledi. Palibe anaganizapo kuti imeneyo ndi nkhani. Zinkangochitika ngati kutuluka kwa dzuwa.

Mwininyumba atafuna malo ake, banjali linapeza nyumba ina kutsidya kwa tauni: zipinda zitatu, makoma opakidwa kumene penti, ndi kachipinda kosungira katundu kokhala ndi loko. Kachipinda kameneka ndi kamene kanamugwira mtima Satsitsa. "Zaka zonsezi ndakhala ndikugona ndi mabeseni kumutu ngati ndinakwatiwa nawo. Basi, zakwana." Anasamuka tsiku limodzi, Abwana ali kusukulu. Mwana anachoka m'mawa panyumba imene ankaidziwa, masana n'kumufikitsa pa chitseko chimene sanachionepo.

Anaima pakhomo, fungo la penti likumuluma m'mphuno, mapazi a anthu akumveka kawiri m'zipinda zopanda kanthu. Kenako analowa m'katoni yaikulu imene inanyamula mabulangete, n'kudzitsekera.

Poyamba Satsitsa anachita zimene ankadziwa: anayamba malonda.

"Abwana, tulukani. Switi nayi. Ayi? Ziwiri. Ndawonjezera kagalimoto. Apa ndiye ndagwa nazo, kwina konse simukapeza."

M'katoni munali zii. Mayi amene sanatsitsirepo munthu mtengo anatsitsa mpaka pansi, wogula osatulutsa ndi mutu womwe. Buledi akamuikira pakamwa pa katoni ankasowa pakakhala palibe woona, koma mawu ayi.

M'mawa wina mtima unamukwera. Anapisa dzanja m'katonimo, n'kumutulutsa mwanayo ngati nkhuku yogulitsa, n'kumamukokera chipinda ndi chipinda.

"Ona! Ichi ndi chipinda chako. Ili ndi zenera. Anzako akugona m'makhonde a masitolo, iwe ukukana nyumba?"

Abwana anakuwa kukuwa kumene mayi ake anali asanakumvepo, manja ali m'makutu, kenako n'kumadzimenya m'mutu ndi zibakera. Satsitsa anamusiya, n'kutembenukira katoni ija. Anaing'amba pakati, n'kuiponya kudzala.

"Tione ulowa kuti."

"Mayi ake," anatero telala ali pakhomo, "mwagwetsa nyumba yake yomaliza."

"Nyumba ndi ino. Katoni ndi ya makoswe."

Mwana analowa pansi pa bedi, kukona ya kukhoma kumene mkono sufika. Tsopano ndi buledi yemwe anamukana. Ankangomwa madzi amene bambo ake ankamukankhira ndi ndodo yoyezera nsalu, ndipo kuchimbudzi ankathamangira pokhapokha m'nyumba mukakhala mopanda phokoso. Aphunzitsi anatumiza uthenga wofunsa. Satsitsa akagwada kusuzumira ankangoona msana ndi timiyendo, ndipo timiyendoto tinkaoneka kuti tikuchepa.

"Zikapitirira, timunyamule tipite naye kuchipatala," anatero telala.

Satsitsa kunyamulako ankakudziwa: kumukokanso, minibasi, magetsi owala, manja a anthu osawadziwa. Kukuwa kuja kunali kusanamuchoke m'makutu.

Kumsika tsiku limenelo ankangoluma aliyense. Mayi wina anaima pa malonda ake, n'kunyamula beseni, kuligogoda pansi kuti amve kulimba kwake. Satsitsa anamulumphira.

"Mutenga kapena mukuliyeza malungo? Nenani msanga!"

Mayiyo anaika beseni pansi mwaulemu, n'kukagula kwa wogulitsa woyandikana naye. Atapita, wogulitsa mnzakeyo anaseka mpaka kudzigwira m'nthiti.

"Lero mwadzuka bwanji, akulu? Si inu munandiphunzitsa kuti wogula akagwira katundu, uzimuyang'ana ndi khutu, maso ali kwina? Kuti ukamuthamangira amathawa?"

Tsiku lina Satsitsa akanamuyankha mpaka msika wonse kutembenuka. Tsikuli anangoyang'ana beseni lija. Dzuwa lisanapendeke anamanga katundu.

Kutacha sanapite kumsika. Anatsegula loko wa kachipinda kake kokondedwa, n'kukokera thumba la makapu ndi mbale kuchipinda chogona. Anakhala pansi, msana atalozetsa kubedi.

"Msika wasamukira kuno?" anafunsa telala.

"Sokani zanu."

Anayamba kupukuta. Kapu ikagunda inzake inkalira kamvekedwe kakale kaja, ka m'mawa wa kunyumba yakale. Kumbuyo kwake kunalibe chosuntha. Khosi linamuwawa ndi kufuna kucheuka, mawu anadzadza m'kamwa mpaka anachita kuluma mlomo. Atamaliza anazisiya zili mbwee, zosasanja, pambali n'kuikapo tiyi m'kapu ya Abwana ndi buledi. Anatuluka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, chinthu chimene chitseko chilichonse cha m'moyo wake chinali chisanaonepo.

Pobwerera anapeza makapu ali momwemo. Koma buledi anali wolumidwa kukona.

"Wogula wakhudza katundu," Satsitsa anamunong'oneza mwamuna wake kukhitchini. "Musasuzumire. Mukasuzumira ndikudulani makutu ndi sizasi yanu yomweyo."

Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Atakhala chete kwa nthawi yaitali chotero anayamba kumva zimene anali asanamvepo m'nyumbamo: babu la kudenga linkalira ngati udzudzu, ndipo mpopi wa kubafa unkagogoda m'khoma. Babulo analigulula. Nsalu yakale ya pazenera, imene anali ataiika pa mulu wa zokolopera, anaipachikanso, ngakhale inali yosuluka ndipo inkanyozetsa penti watsopano. Bulangete lakale analiika pafupi ndi mwendo wa bedi osalichapa. Kumsika ankafika dzuwa litakwera, ogula am'mawa atapita kwa ena. "Mwalemera kodi, akulu?" anzake ankamufunsa. Iye ankati, "Ndili ndi kasitomala wamkulu kunyumba. Inu simungamukwanitse."

M'mawa wina, ali m'kati mopukuta, anamva kukhwekhwereza kumbuyo. Pakona ya diso anaona kadzanja kakutuluka, kakufufuza pansi, n'kugwira kapu yaing'ono. Thupi lonse la Satsitsa linafuna kutembenuka, kugwira dzanjalo, kumukoka mwanayo n'kumufungatira mpaka alire. Anakhalira dzanja lake limodzi. Ndi linalo anapitiriza kusisita mbale imodzi yomweyo mpaka inawala ngati galasi. Kapu inalowa pansi pa bedi. Patapita kanthawi inatsatira ina.

Masiku otsatira kunatuluka mutu, kenako mapewa. Buledi ankatha theka, tiyi yense. Mayi ndi mwana sankayang'anana, aliyense pa ntchito yake, ngati anthu ogulitsa moyandikana amene anayambana kalekale koma akugawana mthunzi.

Tsiku limene zinatha, Satsitsa sanakonze dala. Anali atachedwa, ndipo chizolowezi chake chofulumira chinamupeza: anayamba kusanja yekha makapu otsala, n'kulowetsa yobiriwira pakati pa zoyera. Kumbuyo kunamveka kupuma kwa munthu amene waona zosayenera. Abwana anatuluka yense, fumbi lili m'tsitsi, n'kukhala pansi pambali pa mayi ake, bondo lake likukhudza lawo.

"Amayi, si pamenepo."

Mawuwo anali osasa, ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa. Telala, yemwe ankadutsa pakhomo, anatsegula kukamwa kuti afuule, mapini n'kugwera pansi. Mkazi wake anamuponyera diso limodzi lokha, ndipo bamboyo anameza chimwemwe chake n'kubwerera chambuyo.

"Konzani, Abwana," anatero Satsitsa, ndi mawu apansi amene kumsika sakanawazindikira.

Mwana anachotsa kapu yobiriwira, n'kuibwezera kwa zinzake. Anasanja zonse mpaka yomaliza, anamwa tiyi, buledi n'kumutha. Zipinda zinazo sanazione tsiku limenelo, ndipo palibe anamuuza kuti akazione. Kukhitchini anakafika yekha patapita masiku, atagwira kapu yake ngati nyali. Kusukulu kunatenga nthawi yoposerapo, bambo ake akuyenda naye njira yatsopanoyo pang'onopang'ono, lero mpaka pa mphambano, mawa mpaka pa sitolo. Kachipinda ka loko kanasanduka mosungira tsache, ndipo mabeseni anabwerera kumutu kwa bedi.

Madzulo a tsiku limene mwana anayankhula lija telala anafunsa, akutola mapini ake, "Nanga ngongole ija?"

"Wabweza," anatero Satsitsa. "Wachita kundidzudzula nayo, koma wabweza. Chiwongoladzanja ndamukhululukira."

Mayiyu anakoka, anakalipa, anang'amba katoni, ndipo chimene anapeza ndi msana wa mwana wake. Atakhala pansi n'kutseka pakamwa, mwanayo anatuluka yekha. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.