Mpiru wa Nangondo Kumunsi kwa Damu

Ana inu, pali mwambi wa madzi umene mumaumva kawirikawiri. Unayamba chonchi.

Anthu a ku Kanyezi anatseka khwawa ndi makasu awo, naunjika dothi mpaka linakhala damu. Ng'ombe zinkamwa momwemo, amayi ankachapa, achinyamata ankasambira Lamulungu masana. Komiti ya damu inaika lamulo limodzi: wothirira dimba atunge ndi keni, paipi ayi.

Chaka chachitatu madzi anayamba kuphwa chilimwe chisanafike pakati. Khoma linalibe mng'alu. Ena anati ndi dzuwa, ena anati ndi ng'ombe za mudzi wina, ena anangoti damu lalodzedwa.

Kenaka maso anagwera pa dimba la Nangondo, mayi wamasiye wolima kumunsi kwa khoma. Madimba ena anali atafota, koma mpiru wake unali biriwiri.

"Mayi, paipi mwaikwirira pati?" anafunsa a Gwedeza, apampando a komiti.

"Paipi ndiitenga kuti ine, bambo? Keni yanga yomweyo ndi yobooka."

"Nanga mpiruwu ukumwa chiyani, tiyi?"

Anthu anaseka. Nangondo sanaseke, chifukwa nayenso sankadziwa. Anali atatha milungu itatu osathirira, koma nthaka ankaipeza yonyowa, ndipo ankaopa kuuza munthu.

"Tikaipeza paipiyo, dimbali mulisiya lero lomwe," anatero a Gwedeza.

Amuna anakumba pakati pa ndiwo. Paipi sanaipeze. Anapeza mchenga woyera ndi timiyala tosalala, madzi akuyenda pang'onopang'ono pakati pake. Anayang'anana. Anakumbanso motsatira mchengawo, mpaka unakalowa pansi pa khoma.

A Gwedeza anakhala pansi, nagwira chibwano.

"Apa mpamene tinkawolokera khwawa popita kuchigayo," anatero. "Tinathira dothi pamwamba pa mchenga osakumba kufikira dongo. Tinaiwala ndife. Madzi akungodutsa pomwe ankadutsa."

"Nanga mpiru mwazulawu, ana anga adya chiyani?" anafunsa Nangondo.

A Gwedeza anatola khasu, nayamba kukwirira dzenje okha.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Madzi saiwala khwawa." Chinthu chimene chinazolowera njira yake chimabwerera momwemo, ngakhale mutachitchinga. Munthunso ndi chimodzimodzi ndi kwawo, ndi khalidwe lake lakale. Mukafuna kulisintha, kumbani mpaka pansi. Kukwirira pamwamba kumangochititsa kuti mnzanu wosalakwa anamiziridwe.