Anankafumbwe Anakweza Safia Ndege

Kuseri kwa golosale ya a Lajabu ku Lirangwe kunali kachipinda kosungiramo mbewu. M'menemo mwana wawo Safia, wophunzira zaulimi ku yunivesite, anandandalika mabotolo a nandolo: wina wothira phulusa la zitsononkho, wina wosakaniza ndi mchenga, wina wopanda kanthu. Tchuthi chonse cha 1977 chinathera kuyang'ana kuti anankafumbwe aboola uti.

"Anzako akuloweza za mayeso, iwe ukuweta tizilombo," ankadandaula bambo akewo. "Zokaphunzira kunjazo zikakanika, kauntala iyi ikukudikira."

Safia ankalakalaka digiri yachiwiri kutsidya la nyanja. Koma malo otumizidwa kukaphunzira kunjako anali amodzi, ofuna ambiri, ndipo iye mayeso ankakhoza mwapakatikati. Mlamu wake Sefu, woyeza katundu pa bwalo la ndege la Chileka, ankazidziwa zimenezi, ndiye pakamwa pake sipankauma.

"Alamu, ndege muzingoiona kumimba basi. Zokwera asiyireni a mitu yakuthwa."

Mtsikanayu anali nkhutukumve, koma wa mtundu wabwino. Mphunzitsi wake atamuuza kuti zimene wapeza azilembe n'kuzitumiza ku magazini ya akatswiri a zaulimi, iye analemba. Zinabwerera zitafiira ndi inki, ngati mbuzi yaphedwerapo. Analira, inde, koma misozi itauma anabwerera ku mabotolo ake, nakonza zonse zimene anamudzudzula. Chaka chotsatira nkhaniyo inasindikizidwa, timasamba tochepa chabe. Anzake anati timeneto n'tokulungira mtedza.

Tsiku la mafunso osankhira wopita kunja, anzake analowa atanyamula masatifiketi onyezimira. Safia atangokhala pansi, mkulu wina wa ofunsawo anavula magalasi.

"Kodi S. Lajabu wa phulusa uja ndinu? Ife timayesa ndi bambo wa ndevu zake! Mayeso amationetsa woloweza zimene ena anapeza. Ife tikufuna woti akapeze zake, ndipo inu mwayamba kale."

Malo aja anapatsidwa Safia. A Lajabu, amene dzulo ankanyoza tizilombo, anayamba kuuza aliyense wodzagula sopo kuti nzeru ya phulusayo ndi ya kumtundu kwawo. Tisawatsutse, chimwemwe cha kholo sachiyeza pa sikelo.

Pa Chileka, amene anaika sutikesi ya Safia pa sikelo anali Sefu yemweyo.

"Iii alamu, kulemera chonchi mwaikamo chiyani?"

"Nandolo, alamu. Wosafumbwa."

Sefu anaseka mpaka misozi, ndipo mumtima ananyadira. Kenaka anakwera pakhonde paja anthu amatsanzikirapo apaulendo, nayimirira pambali pa a Lajabu. Ndege itadzuka, iye ndi amene anatsala akuiona kumimba.

Akuluakulu sananame: kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.