Mwendo wa Apongozi

Kuchipatala kumene Kadzuwa ankagwira ntchito, dzina lake linkaitanidwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Sanali namwino, sanalinso dokotala. Ntchito yake inali yodzutsa anthu: kutembenuza amene agonera mbali imodzi kuti asatuluke zilonda, kukweza odwala panjinga ya olumala, ndi kuphunzitsa kuyenda amene matenda awaiwalitsa mapazi awo. Ankamanga chitenje m'chiuno mwa wodwala n'kuchigwira kumbuyo, bondo lake n'kutchinjiriza bondo lofookalo, kenako n'kunena kuti, "Musayang'ane pansi, pansipo palibe wanu. Yang'anani khomo lija." M'manja mwake munadutsa asodzi, aphunzitsi, azimayi ochitidwa opaleshoni, ngakhale ansembe okalamba. Thupi la wodwala silinkamuchititsa manyazi, monga mmene msodzi sanyansidwira ndi fungo la nsomba.

Koma akafika kunyumba, cha ku Mtakataka, Kadzuwa ankasanduka munthu wina. Anakwatiwa chitengwa, ndipo mwamuna wake Oscar anapita ku Joni mwana wawo Flora akadali wakhanda. Iye anatsala pabwalo limodzi ndi apongozi ake, a Ngozo ndi akazi awo a Bernadeta. Chikwatiwire sanayang'anepo a Ngozo kumaso. Akakumana nawo panjira ankapatukira m'maudzu n'kugwada, madzi akumwa ankawatula poteropo n'kubwerera chambuyo, ndipo mawu onse ankadzera mwa a Bernadeta. Anthu a m'mudzi ankati, "Mtengwa wa kwa Ngozo sukulu sinamuwononge." Mawu amenewo Kadzuwa ankawasunga ngati dzira.

A Ngozo anali munthu wamtali, mlimi wa mpunga ku Bwanje, ndiponso wotsogolera gule wa ngoma m'dera lawo. Akamenya phazi pansi, fumbi linkafika m'mawondo mwa oonerera. Tsiku lina la chilimwe akumangirira thumba panjinga anangoti khu pansi, kamwa itapotoka, dzanja ndi mwendo wamanzere zitafa. Sitiroko. Anawatengera kuchipatala chomwecho chimene mtengwa wawo ankagwirako ntchito.

Kadzuwa anathamangira kwa Abdul, mnzake wa pantchito.

"Abdul, bedi la pakona lija ndi apongozi anga. Chonde uwatenge ndiwe, ine ndizikhala kuwodi ya azimayi."

Abdul anaseka mpaka kugwira khoma. "Iwe amene unanyamula a shehe athu ngati thumba la mpunga, lero ukuopa mdala mmodzi?"

"A shehe si apongozi anga."

"Wallahi, mwendo sudziwa chibale, Kadzuwa. Koma chabwino, ndamva."

Abdul anaigwira ntchito ndi mtima wonse. Pofika tsiku lotuluka, a Ngozo ankatha kuimirira, n'kukoka phazi pang'onopang'ono mpaka pakhomo la wodi, wina atawagwira m'chiuno. Dokotala anauza a Bernadeta kuti, "Mayi, mwendo uwu panopa uli ngati dongo lonyowa, ukuumbika. Mukausiya uuma mmene wapindikiramo. Aziyenda tsiku lililonse osadumphitsa. Mwayi wanu ndi woti katswiri muli naye pakhomo pomwe." Kadzuwa, amene anaima kumbuyo kwa chitseko, anangoyang'ana zala za kumapazi.

Kunyumba anayesa nzeru zake. Anaphunzitsa a Bernadeta kamangidwe ka chitenje, ndipo m'mawa asanapite kuntchito ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kumalangiza chofuula: "Bondo lanu likhale kutsogolo kwa lawo, mayi! Asatsamire kumanja!" Koma a Bernadeta anali aafupi, msana wawo unali wovutavuta, ndipo kugwira a Ngozo kunali ngati nkhuku kuchirikiza ng'ombe. M'mawa wina onse awiri anagwera limodzi pafupi ndi mtondo, a Bernadeta n'kung'ambika mlomo. Kadzuwa anachita kuluma chala kuseri kwa nkhokwe, koma sanatuluke.

"Basi," anatero a Ngozo, mawu akutuluka mbali imodzi ya kamwa. "Mwendo wandithawa, ndithyolenso mkazi?"

Abdul anabwerako Lamulungu lina, koma kwawo kunali ku Golomoti, nayenso anali ndi ana ake. Kuyenda kunathera pomwepo. A Ngozo anakhazikika pampando wa ndalema pakhonde.

Madzulo ena akupeta mpunga, a Bernadeta anatula lichero pansi.

"Amake Flora, makolo sanali opusa. Zikavuta chonchi ankapha nkhuku, mtengwa ndi apongozi n'kudyera mbale imodzi ankhoswe akuona, manyazi n'kuthera pomwepo. Tambala alipo. Inu ndinu mukudziwa ntchitoyi."

Kadzuwa anatsala pang'ono kuvomera, pakuti manja ake ankachita kuyabwa akaona mwendo uja. Koma sabata yomweyo kumjigo, Veronika, mayi wa pakamwa polasa, ananena akupukusa madzi, osayang'ana munthu: "Ena ntchito yawo n'kugwira amuna a eni m'chiuno, mwamuna ali ku Joni. Ife tikagwira ndi mlandu, iwo ndi malipiro." Azimayi anaseka chikhakhali. Kuseka kumeneko kunali kusanachoke m'makutu mwa Kadzuwa. Ngati akunena choncho za alendo a kuchipatala, nanga akadzamuona mbandakucha atakumbatira chiuno cha apongozi, mwana wawo kulibe?

"Tidikire bambo a Flora abwere pa Khirisimasi, mayi," anayankha. "Zichitike iwo alipo, pasadzakhale wonena."

"Mwendowo udikira Khirisimasi?"

"Si kutali, mayi."

A Bernadeta anatolanso lichero. Kapetedwe kawo kanasintha.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Kadzuwa ankakankha njinga yake kudutsa pafupi ndi khonde, nkhope italoza kumbali monga mwa ulemu. Koma diso la ntchito silimva lamulo. Chakumbali ankaona zonse: phazi likuyamba kulozera m'kati, chidendene chikukwera, zala za kudzanja zikufumbata ngati zabisa kanthu. Ankadziwa tanthauzo la chilichonse mwa zimenezi. Akafika kuchipatala n'kugwira bambo wachilendo, n'kumva mwendo wake ukuyamba kumvera, chimwemwe chinkamulowa chosakanikirana ndi ndulu. Ankalakalaka zikanakhala kuti munthu ali m'manja mwakeyo ndi uja wamusiya pakhonde. Nthawi zina akupalasa njinga pobwerera ankayeseza pakamwa mawu oti akanene: Bambo, dzukani tiyese. Akangoona denga la nyumba, mawuwo ankasungunuka.

Ankalakalakanso Oscar, ndipo zilakolako ziwirizi zinapotana ngati chingwe chimodzi. Ankaona m'maganizo mwamuna wake akutsika minibasi pamsewu, chikwama paphewa, tambala akuphedwa, iye akumanga chitenje m'chiuno mwa apongozi mudzi wonse ukuvomereza. Palamya Oscar ankati, "Ndibwera, amake Flora, mapepala okha ndi amene avuta." Khirisimasi inabwera ndi katoni ya mabulangete ndi nsapato za Flora, mwini wake osaoneka. "Pa Pasaka ndiye sindilephera," anatero.

Mvula inagwa. Anthu ankadutsa m'mawa ndi makasu kupita kukawokera mpunga ku Bwanje, ndipo a Ngozo ankawaimitsa ali pampando: "Madzi afika pati mu ngalande? Munda wanga mwauona? Udzu wachuluka?" Akachoka, ankatsala akuyang'ana njirayo mpaka anthuwo atazimiririka. Masiku amene amuna ankayeseza ngoma kubwalo la mpira, nyimbo zinkafika pakhomo ndi mphepo, ndipo phazi lamoyo lija linkamenya pansi lokha kunsi kwa mpando, di, di, di, linzake lili duu. Kadzuwa ankalimva ali kukhitchini. Kangapo konse anapsereza ndiwo.

A Bernadeta anafunsanso kachiwiri za tambala uja. Kadzuwa anati, "Pasaka wayandikira, mayi. Tadikira kale, titsirize." Ankadziwa kuti akunama, koma ulemu umene anthu anamuveka unali utamuthina ngati mkanda wa paubwana, wosavulika popanda kudula.

Pasaka anadutsa. Oscar anati chaka chino ayi, abwana akana.

Tsiku lina Kadzuwa anaweruka masana. Pakhomo panali zii, a Bernadeta atapita kumaliro ndi Flora kumbuyo. Mpando wa pakhonde unali wopanda munthu. Kenako anamva kukhwekhwereza kuseri kwa nyumba. Atasuzumira anaona a Ngozo ali pansi, akudzikoka ndi chigongono chimodzi kulowera kuchimbudzi, mwendo wopindika ukulemba mzere m'fumbi, nkhuku zikuwazungulira ngati si munthu. Mwamuna amene ankagwedeza bwalo uja.

Njinga yake inagwa yokha. Kadzuwa anamasula chitenje chake chapamwamba n'kugwada pambali pawo. Panalibe tambala, panalibe nkhoswe.

"Bambo, mundikhululukire. Ndikugwirani."

"Gwirani, mwana wanga."

Anawamanga m'chiuno n'kuwadzutsa. Anali atapepuka, nthiti zikuwerengeka pansi pa malaya. Anaika bondo lake patsogolo pa bondo lawo monga ankachitira ndi anthu ena onse, n'kukankha pang'ono kuti liwongoke. Silinasunthe. Anakankhanso, a Ngozo n'kubuula. Chidendene chinali m'mwamba, chosafika pansi, mitsempha ya kuseri kwa bondo itauma gwa ngati luzi la chaka chatha. Kadzuwa sanafunikire womuuza. Manja ake anamva okha.

Mawa lake anawatengera kuchipatala. Dokotala anapinda mwendowo, anaukoka, kenako anapukusa mutu. "Tingathe kuteteza kuti usapindike kuposa apa. Koma zoyenda, mukanabwera mvula isanagwe." Abdul ndiye anawakweza panjinga ya olumala. Tsiku limenelo sanachite nthabwala ngakhale imodzi, ndipo kukhala chete kwakeko kunamupweteka Kadzuwa kuposa kutukwanidwa.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse asanapite kuntchito Kadzuwa ankakhala pakhonde, phazi la apongozi lili pamiyendo pake, akulisisita ndi mafuta, kulitambasula mpaka pamene likulolera. Anthu opita kumunda ankaona. Ankapereka moni, ena n'kunena kuti, "Mulungu akudalitseni, amake Flora," n'kumapitirira ulendo wawo. Mlandu umene ankauopa miyezi yonseyo sunabwere. Panalibe amene anatembenuka n'komwe.

M'mawa wina a Ngozo anayankhula okha, osadzera mwa munthu.

"Ndinkamva tcheni cha njinga yanu tsiku lililonse. Ndinkati, lero ndiitana. Mukupita kukadzutsa anthu a eni, ine ndili pompano. Koma pakamwa pankauma. Ndinkati mwana wa eni ake, mwamuna wake kulibe, ndimuchotsera ulemu."

Kadzuwa anasiya kusisita. "Inenso ndinkadikira kuti muitane, bambo. Mukanangokhosomola, ndikanabwera."

A Ngozo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndiye tinkadikirirana, mtunda wake pano ndi pankhokwe apo."

Panadutsa ngolo yodzaza mpunga wongomweta kumene, fungo lake n'kutsala pabwalo. A Ngozo anaitsatira ndi maso mpaka itakhota.

"Amake Flora, inu ndinu mumadziwa zinthu izi. Musandinamize monga amachitira anzanga akabwera kudzazonda. Ku Bwanje ndidzafikakonso ndi mapazi anga?"

Kadzuwa anakweza mutu n'kuwayang'ana kumaso, koyamba chikwatiwire. Anaona kuti mphumi yawo ndi ya Oscar, ndipo maso awo anali a munthu amene yankho akulidziwa kale koma akufuna kulimva kwa amene sanganame.

"Ndi mapazi anu ayi, bambo," anatero, misozi ikugwera paphazi lomwelo. "Koma ndikabwereka njinga ya olumala kuchipatala. Loweruka ndidzakukankhani, mukaone munda wanu asanamalize kumweta."

A Ngozo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Loweruka," anabwereza, ngati akulawa mawuwo. Kenako anatambasula dzanja lamoyo lija n'kumupatsa botolo la mafuta. "Pitirizani. Muchedwa kuntchito."

Mankhwala anali pabwalo pomwepo, m'manja mwa munthu amene ankadutsa pakhonde tsiku ndi tsiku. Wodwala anaopa kuitana, wodziwa anaopa kuyandikira, ndipo mwendo sunadikire aliyense wa iwo. Ulemu ndi wabwino, koma pamene moyo wa munthu ukuuma, akuluakulu anatichenjeza kale kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.