Khomo la Amayi

Kalekale, nyanja isanayambe kuthawa magombe ake, panali mudzi wina pamathiriro a mtsinje. Senderani kuno, woodzera ndimuthira madzi.

Mvula ikagwa, nsomba za mpasa zinkachoka m'nyanja, mimba zodzaza mazira, n'kukwera mtsinje kukaswana. Amuna ankatchinga mtsinjewo ndi mpanda wa mitengo ndi bango wotchedwa biyo, n'kutcheramo miono. Koma pakati ankasiya mpata, wotchedwa khomo la amayi. Zina zigwidwe, zina zidutse. Mazira akaswa, tiana tinkatsikira kudambo kukabisala m'mabango, tikakula n'kubwerera kunyanja.

M'mudzimo munali mkazi wosameza mawu, dzina lake Nangondo. Mwamuna wake, Dzimbiri, anali mkamwini wochokera kutsidya kwa nyanja. Chaka chimenecho Nangondo anali ndi pakati.

Tsiku lina Dzimbiri anatula dengu la mpasa lodzaza mpaka kutayikira.

"Zonsezi mwazitenga kuti, bambo?" anafunsa Nangondo.

"Ndatseka kampata kaja. Kwathu ndiwo sitiziperekeza ndi maso. Idyani, mwana akule."

Nangondo anatumbula imodzi, mazira n'kukhuthukira pansi. Mtima unamuwawa.

"Ine woyembekezera ndidye woyembekezera mnzanga? Nanga mwanayu akadzakula azidzawedza chiyani, achule?"

Anapita kumtsinje dzuwa lili pamutu, anthu akuona, n'kuzula zikhomo zimene Dzimbiri anatsekera mpata uja. Dzimbiri anakhomanso. Nangondo anazula. Anakhomanso. Anazula.

Amuna ena anali ataona dengu lija, malovu ali chuchuchu. Paja ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anagwirizana zokatseka khomolo onse pamodzi, ndi mitengo ikuluikulu yoti mkazi sangaizule. Atafika, anapeza Nangondo ataima pampata penipeni, madzi ali m'chifuwa, mpasa zikumukhudza m'miyendo podutsa.

"Tulukamo iwe, muli ng'ona umo," anatero Dzimbiri.

"Ng'ona imadya ikakhuta n'kugona. Inu simukhuta."

"Tikhoma ulipo pomwepo."

"Khomani. Chikhomo choyamba chidutse pamimba pangapa."

Palibe anakweza dzanja. Amuna aja anayang'anizana, wina n'kutula mtengo wake, wina n'kuyamba kukanda m'mutu. Dzimbiri manyazi anamugwira, ndipo manyazi anabala mkwiyo.

"Usankhe lero. Ine kapena nsombazo."

Musaganize kuti Nangondo anali wouma mtima, ana inu. Mwamunayo ankamukonda, ndipo misozi inatsika ndithu. Koma phazi sanasunthe.

"Njira munabwerera ija sinamere udzu, bambo."

Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Dzimbiri anakankha bwato lake, ulendo wa kwawo.

Nangondo anachira mwana wamkazi, bambo ake palibe. Kumtondo ankamunena: "Uyo anasinthanitsa banja ndi nsomba."  Koma mvula ikangogwa, iye, mwana kumsana, ankakayang'ana khomo lija. Akapeza wina wakhomapo, ankazula. M'kupita kwa zaka, okhoma anatopa.

Kutsidya kuja anthu anapitiriza kutseka mitsinje yawo. Mpasa zitachepa, anatentha mabango kuti alimemo. Dothi linakokolokera m'nyanja, madzi n'kufiira. Miono yawo inayamba kugwira zinyalala zokhazokha.

Tsiku lina munthu wowonda anaima pabwalo pa Nangondo.

"Odi kuno."

Nangondo anamuzindikira ndi mawu. "Lowani, a Dzimbiri. Ine khomo sinditseka."

Anamuwotchera mpasa yonona. Dzimbiri anadya mpaka kuyamwa minga, maso ali pa mtsikana wofanana naye mphuno. Atasamba m'manja anati, "Ndabwerera, mayi. Kwathu kwauma."

"Biyo wa kwanu adakali chitsekere?"

"Adakali. Abale anga sangandimvere."

"Inenso simunandimvere. Pitani mukazule. Akakhoma, mukazulenso. Akabwera ambiri, mukaime m'madzi mmene ndinaimira ine. Inu mulibe pakati, sizikakuvutani. Mpasa ikadzakukhudzani m'miyendo, mudzabwere, mwanayu adzakutchulani bambo."

 Dzimbiri anatola nkhafi yake, kulunjika kubwato.

Mtsikana uja anafunsa, "Amayi, adzabweranso?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Nyamula dengu, mvula yayandikira. Tiye ukaone poima."

Nthano yanga yakocheza pamenepa, bwato ndamangirira. Wotseka khomo la nsomba amadzagogoda pakhomo la mnzake.