Chule ndi Mlendo Wokana Kutuluka

Anzanga, imvani, nthano yanga yapambana! Mawa tikaisewera pa asembule, ndipo Chule ndine! Paja aphunzitsi a sayansi, a Nkhwazi, anationetsa chithunzi cha tinyongolotsi toyera tokhala m'matumbo a chule, n'kutiuza kuti aliyense apeke nthano ya mmene tinalowera. Yanga nayi.

Kalekale Chule anali wamimba yaing'ono, ndipo sankalira n'komwe. Chaka china dambo linauma gwa, matope n'kung'aluka. Chule akukumba pobisala, anamva timawu.

"Odi, achimwene! Ndine Kaulusi, kanyongolotsi ka m'matope. Dzuwali landimaliza. Ndisungeniko m'mimba mwanumo, muli chinyontho."

"M'mimba mwanga? Nanga mudzatuluka liti?"

"Mvula ikadzangogwa, ine ulendo."

Chule anamva chisoni, n'kutsegula kukamwa. Kaulusi uyo, walowa.

Mvula yoyamba itagwa, Chule anasisita mimba. "Alendo, mvula ija yafika, tulukani."

"Aa, achimwene! Kwanu kuno mlendo mumamupirikitsa mvula ikugwa? Anthu adzati chiyani? Dikirani ikate."

Chule anachita manyazi, n'kudikira. Dzinja litatha anayesanso. "Alendo, kunja kwayera tsopano."

"Koma tinapangana kuti mvula ikagwa. Mukuona ikugwa? Ndiponso musakweze mawu, ana agona."

"Ana?"

"Makumi atatu okha. Inu amakutchani amalume."

Chule anadziyang'ana, mimba ili tuu! Zoti nyumba yake yomwe alandidwe? Anadumpha mpaka kwa abale ake kukadandaula. Atafotokoza, onse anangogwira mimba zawo n'kuseka mpaka misozi. Ana ena a Kaulusi anali atapempha kale malo m'mimba mwa aliyense, mawu ake omwewo!

"Basi," anatero Chule, "mvula ikadzagwa tidzafuule tonse pamodzi. Mwina adzachita manyazi."

Mvula itagwa, anafuuladi usiku ndi usana. Alendo sanatuluke, koma achule anapeza kuti mawu awo ndi okoma, anthu atawamva n'kuthamangira kukadzala chimanga.

Ndi chifukwa chake lero achule ali ndi mimba zotupa ndi tinyongolotsi m'matumbo, ndipo mvula ikangogwa amaimba dambo lonse, kukumbutsa alendo awo pangano lija.

A Nkhwazi atamva nthanoyi anaseka mpaka kuvula magalasi! Ndiye mawa mulawire, kutsogolo malo ndi ochepa. Ine ndidzaika pilo pamimba n'kufunda chitenje, ndipo Ndaziona, wowonda uja wa Sitandade 6, ndiye Kaulusi. Wandiuziratu kuti akalowa m'chitenje changa satuluka ngakhale belu lilire. Bwerani mudzaone!